Chizungulire cha Ménière chosamva mapiritsi: mayi amene tinawabaya mankhwala kudzera pa mwinikhutu ku Blantyre

Chidule

Lipotili ndi la mayi wa zaka 47, wokhala ku Bangwe, wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe. Anavutika kwa zaka pafupifupi ziwiri ndi chizungulire cha Ménière, matenda a m'khutu lamkati, amene anagwira khutu lamanzere. Mapiritsi ndi kuchepetsa mchere sizinaphule kanthu. Tinawabaya dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la steroid, kudzera pa mwinikhutu, chizungulire chinaleka kwa miyezi ingapo n'kubwereranso. Atagwa mwadzidzidzi pambali pa mbaula, tinabaya kamodzi gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya amene amafooketsanso khutu lamkati. Ndalemba nkhaniyi chifukwa gentamicin amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse m'dziko muno, ndipo kubaya kwake sikuvuta kwa munthu wozolowera maikulosikopu ya khutu, koma zimene mankhwalawa amachita mkati mwa khutu sizibwereranso mwakale. Mayiwa analola kuti nkhani yawo ilembedwe.

Mbiri ya matenda

Anabwera ndi mwana wawo wamkazi ngati gadiyani, atanyamula mabuku awiri a kuchipatala, loyamba litadzaza kale. Mawu awo oyamba anali akuti, "Adokotala, dziko limandizungulira. Ikandigwira sindingathe ngakhale kudzutsa mutu."

Mawu akuti chizungulire timawagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri, kotero ndinawafunsa mosafulumira. Sikunali kuda m'maso munthu akaimirira msanga, komanso sikunali kufooka kwa njala. Makoma ndi denga zinkayenda mozungulira, ankasanza mpaka ndulu, thukuta lili kamukamu. Zinkatenga maola awiri mpaka anayi, kenako ankagona tsiku lonse ali wefuwefu. Chisanayambe, khutu lamanzere linkadzaza, mawu a anthu n'kumamveka patali, ndipo phokoso la m'khutu linkakula. Iwo ankati "m'khutu mukulira chigayo", ndipo mawu amenewa ndinawalemba momwemo m'fayilo chifukwa akulozera phokoso la bezi, losiyana ndi kaphokoso kosongoka kamene amadandaula anthu ogontha ndi ukalamba kapena ndi makina. Poyamba zinkachitika kamodzi pa miyezi iwiri. Pofika kwa ife zinali katatu kapena kanayi pamwezi, ndipo benchi lawo la nsomba ankalisiya m'manja mwa anzawo masiku ambiri.

M'mabuku mwawo munali mbiri yodziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'zipatala zathu. Anayezedwa malungo kambirimbiri osawapeza, ngakhale kawiri anapatsidwabe LA. Anapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. Wina analemba kuti ndi BP, pomwe manambala onse olembedwa m'bukumo sanapitirire 135/85. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankamwa cinnarizine, amene ambiri amawadziwa kuti Stugeron, tsiku lililonse. Mapiritsi amenewa ndi a masiku owerengeka pamene chizungulire chavuta. Munthu akamamwa mosalekeza amangokhala ndi tulo, ndipo ubongo umachedwa kuzolowera vuto la khutu. Kumudzi kwawo achibale anayesanso njira zawo, ndipo kuseri kwa makutu onse kunali mphini.

Mafunso atatu ndinawabwereza kwa mwana wawo kuti ndikhale wotsimikiza. Loyamba linali la mutu waching'alang'ala, woopa kuwala ndi phokoso: analibe, ndipo kubanja kwawo kunalibe. Lachiwiri linali la kutuluka mafinya m'khutu kapena kudonthezera mankhwala m'khutu: sizinachitikepo. Lachitatu linali la jakisoni. Anadwalapo TB zaka zambiri zapitazo, koma anachira ndi mapiritsi okha a miyezi isanu ndi umodzi, sanabayidwepo streptomycin kapena kanamycin, komanso sanalandirepo kwinini wa mudiripi. Funso ili kuno kwathu n'lolemera. Odwala TB yobwereza ankabayidwa streptomycin kwa miyezi iwiri, a TB yosamva mankhwala ankabayidwa kanamycin, ndipo ena mwa iwo anatsala ndi makutu onse awiri owonongeka mosadziwa. Munthu wotereyu mukamupheranso khutu limodzi ndi gentamicin mwamulanda chomwe amayendera.

Zimene tinapeza powayeza

Tsiku limenelo chizungulire chinalibe. BP inali 128/80 atagona ndipo sinatsike ataimirira. Mwinikhutu anali wabwinobwino mbali zonse. Ndi foloko yoyezera ya 512 Hz pamphumi, phokoso ankalimva kumanja, ndipo mayeso a Rinne, oyerekeza kumva kudzera mumpweya ndi kudzera m'fupa, anali abwino mbali zonse, kusonyeza kuti vuto lili m'khutu lamkati lamanzere. Maso sankagwedezeka okha. Mayeso a Dix-Hallpike, ogoneka wodwala msanga mutu utatembenuzidwa, sanadzutse chizungulire mbali iliyonse. Potembenuza mutu mwadzidzidzi iwo akuyang'ana mphuno yanga, maso sankachoka pamalo, kumanzere ngakhale kumanja. Mitsempha ya kumaso, mphamvu za manja ndi miyendo, kuloza mphuno ndi chala, zonse zinali bwino.

Mayeso a kamvedwe ndiwo anatsegula nkhani. Pa mayesowa nambala ya dB ikakula ndiye kuti khutu likumva movutikira, ndipo Hz yochepa ndi mawu a bezi. Khutu lamanja linali pansi pa 20 dB paliponse. Lamanzere linali 55 dB pa 250 Hz, 50 dB pa 500 Hz, 45 dB pa 1000 Hz, kenako 30 dB pa 2000 Hz ndi 35 dB pa 4000 Hz, popanda kusiyana pakati pa kumva kudzera mumpweya ndi kudzera m'fupa. Titabwereza patapita milungu isanu ndi umodzi, kamvedwe ka mawu a bezi kanali katakwera ndi 15 dB, ndipo ulendo wotsatira kanali katatsikanso. Kukwera ndi kutsika kumeneku sikuoneka ndi kuyeza kamodzi. Ku Blantyre tili ndi mwayi woti chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi kiliniki yoyeza kamvedwe, ndipo sindiona chifukwa chobayira kanthu m'khutu la munthu wa chizungulire pepala la mayesowa lisanakhale m'fayilo.

Magazi anali okwanira, shuga anali bwino, impso zinali bwino. Analibe HIV, ndipo mayeso a chindoko sanapeze kanthu. Chindoko chikalowa m'khutu lamkati chimafanana kwambiri ndi Ménière, ndipo mankhwala ake ndi penisilini, kotero kuyeza kwake sikudumphidwa. Popeza khutu limodzi lokha ndilo linkagontha, tinapempha MRI kuti tione ngati palibe chotupa pa mtsempha wa kumva. Banja linasonkherana ndalama, ndipo chithunzi sichinaonetse chotupa.

Chifukwa chake tinati ndi Ménière

Prosper Ménière, dokotala wa ku Paris, ndiye ananena mu 1861 kuti chizungulire choterechi chimachokera m'khutu lamkati, pa nthawi imene madokotala anzake ankachiika mu ubongo. Mu 1938 Hallpike ndi Cairns ku England, komanso Yamakawa ku Japan, anaona m'mafupa a odwala omwalira kuti timatumba ta madzi a m'khutu lamkati otchedwa endolymph tinali titafufuma. Muyezo umene timatsata lero unagwirizanidwa mu 2015 ndi bungwe la Bárány Society pamodzi ndi mabungwe ena: chizungulire chobwera chokha kawiri kapena kuposa, chotenga mphindi 20 mpaka maola 12, kugontha kwa mawu a bezi ndi apakati kotsimikizidwa ndi mayeso m'khutu lomwelo, zizindikiro za khutu zobwera n'kupita, ndipo pasakhale matenda ena ofotokoza bwino zonsezi. Mayiwa anakwana pa mfundo zonse.

Chizungulire cha timiyala ta m'khutu, chija chimabwera munthu akatembenuka pamphasa n'kutha mphindi isanakwane, sichinagwirizane ndi maola awo, ndipo icho chimatha ndi kutembenuza mutu mwa njira ya Epley popanda singano. Chizungulire cha mutu waching'alang'ala ndicho chovuta kusiyanitsa, koma sichigonthetsa khutu limodzi motere.

Chithandizo choyamba

Tinasiyitsa cinnarizine wa tsiku ndi tsiku, n'kuwapatsa prochlorperazine, woletsa mseru ndi kusanza, woti amwe pokhapokha chizungulire chikayamba. Tinayamba mapiritsi okodzetsa a hydrochlorothiazide 25 mg m'mawa ndi betahistine 16 mg katatu patsiku, amene ankagula ku famase. Za betahistine ndinawauza mosabisa kuti umboni wake ndi wofooka. Kafukufuku wa BEMED wa ku Germany, wofalitsidwa mu 2016, sanapeze kusiyana pakati pa mankhwalawa ndi mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale pa mlingo waukulu wa 144 mg patsiku.

Nkhani ya mchere inatenga nthawi. Kuuza wogulitsa nsomba kuti achepetse mchere n'kumusiya pomwepo sikuthandiza. Tinawerenga ndiwo za sabata yonse: usipa ndi matemba zotsala pabenchi, timakyubu tokometsera ndiwo, tchipisi cha pachiwaya chowazidwa mchere masana kumsika, komanso soda wa m'therere. Soda anawadabwitsa kwambiri, chifukwa samveka mchere pakamwa, koma sodium amene tikumuchepetsayo alimo. Anayesetsa ndithu, mwana wawo ndiye ankaphika. Patatha miyezi inayi, kope limene tinawapatsa kuti azilembamo masiku a chizungulire linkaonetsabe katatu pamwezi.

Dexamethasone kudzera pa mwinikhutu

Mankhwala omwa kapena obaya m'mtsempha amafika ochepa m'khutu lamkati chifukwa pali chotchinga pakati pa magazi ndi madzi a m'menemo. Koma kuseri kwa mwinikhutu kuli kazenera kozungulira kotsekedwa ndi kanembanemba kopyapyala. Mankhwala akadikha pamenepo amalowerera mpaka kufika ku cochlea, kumene timamvera, ndi ku ziwalo zosunga thupi kuti lisapendekeke. Mlingo wake umakhala wokwera m'khutu, thupi lonse osakhudzidwa kwenikweni.

Tinayamba ndi steroid chifukwa saononga. Mu 2016 magazini ya Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku London ndi Leicester wa odwala 60, amene ena anabayidwa steroid wotchedwa methylprednisolone ndipo ena gentamicin. Patatha zaka ziwiri chizungulire chinali chitachepa ndi 90 peresenti mwa oyambawo ndi 87 peresenti mwa enawo. Odwala 60 ndi ochepa, ndipo a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala, atasanthula umboni wonse mu 2023 anati sunalimbe pa mankhwala onse awiri. Komabe ngati njira ziwiri zikufanana pa zotsatira, wanzeru amayamba ndi imene ingasiyidwe panjira. Ife tinali ndi dexamethasone wa 4 mg/mL, wofooka poyerekeza ndi amene ena amagwiritsa ntchito kunja, koma ndi amene analipo.

Kachitidwe kake kanali motere. Mayiwa anagona chagada, mutu utatembenukira kumanja pafupifupi madigiri 45. Pansi pa maikulosikopu tinapaka kirimu yochititsa dzanzi ya EMLA pa mwinikhutu, n'kudikira mphindi 40, kenako n'kuiyamwa yonse ndi kapaipi. Botolo la mankhwala namwino analifumbata m'manja kufikira litafunda. Ichi chimaoneka chaching'ono, koma madzi ozizira akalowa m'khutu amadzutsa chizungulire nthawi yomweyo, wodwala n'kugwedezeka singano ili mkati. Ndi singano ya msana ya 25G pa sirinji ya 1 mL tinaboola kabowo kotulukira mpweya kutsogolo chakumtunda, n'kubaya kumbuyo chakumunsi mwapang'onopang'ono mpaka madzi ataoneka akukwera kuseri kwa mwinikhutu. Analowa pafupifupi 0.5 mL.

Chovuta ndi mphindi 30 zotsatira. Wodwala sayenera kuyankhula, kumeza malovu kapena kuyasamula, chifukwa kanjira kochokera m'khutu kupita kukhosi kakatseguka mankhwala amathawira kumeneko. Tinawapatsa kabakuli kolavulira. Tsiku loyamba foni yawo inalira, iwo n'kuyankha mwachizolowezi kuti "Ndili kuchipatala", ndipo pomwepo anamva kuwawa kukhosi. Maulendo otsatira foni inkatsala ndi mwana wawo panja. Tinabaya katatu, kamodzi pa sabata, n'kuwalangiza kuti madzi asalowe m'khutu posamba.

Kwa miyezi isanu chizungulire sichinabwere. Phokoso la m'khutu linalipobe koma kudzaza kunachepa, ndipo anabwerera pabenchi lawo. Mwezi wachisanu ndi chimodzi chinayambiranso. Tinabwereza jakisoni atatu, mpumulo wake unali wa milungu isanu ndi iwiri yokha.

Kugwa, ndi chisankho cha gentamicin

M'mawa wina akuphika phala anangopezeka ali pansi. Sanakomoke, sanaone chizungulire, sanalume lilime kapena kudzikodzera. Anati anamva ngati wina wawakankha kumbuyo, ndipo anadzuka okha nthawi yomweyo, mkono wamanzere utapsa ndi phala. Apabanja anayamba kunong'ona za khunyu. Kugwa kotereku anakufotokoza Tumarkin mu 1936, ndipo kumachokera ku timatumba ta m'khutu lamkati timene timauza thupi kumene kuli pansi. Sikuchenjeza. Kwa munthu wophika pambaula, wodutsa misewu ya Limbe pakati pa maminibasi, wokwera kabaza ndi dengu la nsomba, kugwa kwachiwiri sikunali koti tikudikire. Anagwanso patatha masiku khumi, pabwalo, osavulala.

Gentamicin ndi wa banja limodzi ndi streptomycin. Kuopsa kwake ku khutu, kumene timakuopa tikamabaya makanda ndi odwala impso, ndiko timakufuna pano mwadala. Harold Schuknecht anayamba njirayi ndi streptomycin m'zaka za m'ma 1950, chizungulire chinkatha koma odwala ambiri ankagontheratu. Madokotala a ku Germany anasamukira ku gentamicin m'zaka za m'ma 1970 chifukwa amaononga kwambiri maselo a mbali yosunga thupi kuposa a mbali yomvera. Phunziro lalikulu la zaka zotsatira linali la mlingo: kubaya kangapo patsiku kwa masiku otsatizana kunkagonthetsa ambiri, pomwe kubaya kamodzi n'kudikira kunkachepetsa ngoziyo. Mankhwalawa amachedwa kuonetsa ntchito yake, ndipo wopupuluma amabaya wachiwiri woyamba asanamalize.

Tisanabaye tinaonanso zinthu zinayi. Khutu lamanja linali labwinobwino pa mayeso atsopano, ndipo silinadzazepo kapena kulira, pakuti matendawa amatha kugwira makutu onse m'kupita kwa zaka. Lamanzere linali litakhazikika pa 55 mpaka 60 dB, ndipo foni anali atasiya kale kuimvera mbali imeneyo. Maso awo ankaona bwino ndipo mapazi analibe dzanzi, zimene ubongo umadalira khutu limodzi likasiya ntchito. Kubanja la amayi awo kunalibe amene anagontha atabayidwa jakisoni. Funso lomalizali timafunsa chifukwa pali kusintha kwa chibadwa, kotchedwa m.1555A>G, kochokera kwa mayi, kumene kumagonthetsa munthu ngakhale ndi mlingo wochepa wa mankhwala a banja limeneli.

Ndinawauza kuti, "Mayi, jakisoni uyu sachiza khutu. Amafooketsa mbali imene ikutumiza uthenga wolakwika ku ubongo, kuti khutu lamanja litsale likutsogolera lokha. Mudzadzandira kwa milungu ingapo, kumva kwa khutu ili kungathe kutsikirako kapena kutheratu, ndipo chigayo chija mwina sichisiya." Anafunsa funso limodzi: "Nanga lamanjali likadzayamba?" Ndinayankha kuti likadzayamba sitidzalibaya gentamicin, ndipo n'chifukwa chake tikufuna kufooketsa lamanzere pang'ono chabe, osati kulipheratu. Anati akakambirane kaye ndi bambo a kunyumba. Anabwera onse awiri sabata yotsatira n'kusaina.

Tinabaya 0.5 mL wa gentamicin wa 40 mg/mL, wa m'timabotolo ta 80 mg mu 2 mL tomwe tili m'mawodi, mwa njira yomwe ija. Ena amasakaniza ndi sodium bicarbonate kuti asawawe, mlingo n'kutsikira pa 26.7 mg/mL. Ife sitinasakanize, ndipo anamva kutentha m'khutu kwa mphindi zochepa.

Zotsatira

Masiku atatu oyamba sanamve kanthu, mpaka mwana wawo anaimba kufunsa ngati mankhwala anagwira. Tsiku lachisanu anayamba kudzandira, ndi mseru wosalekeza, wosiyana ndi chizungulire chakale. Titawaona, maso ankagwedezekera kumanja, ndipo potembenuza mutu mwadzidzidzi kumanzere maso ankachoka pamphuno yanga n'kubwereranso. Chimenecho ndicho chizindikiro choti khutu lamanzere lafooka, ndipo chinatiuza kuti tisabayenso. Prochlorperazine tinalola masiku atatu okha.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni inali, ndipo anzathu a fizo anatithandiza. Wodwala wodzandira amafuna kugona, apabanja nawonso amamugoneka pomumvera chisoni, koma ubongo umazolowera pokhapokha mutu ukamayenda. Anayamba ndi kuyang'ana chilembo chomatidwa pakhoma akupukusa mutu, katatu patsiku, kenako kuyenda m'mbali mwa khoma, kenako pabwalo akucheuka uku ndi uku. Njira ya kunyumba kwawo ndi yotsetsereka, ya miyala, ndipo inali nyengo ya mvula. Tinagwirizana kuti mwezi woyamba asayende okha kukada, akhale ndi tochi pafupi magetsi akazima, asakwere kabaza, ndipo asasenze dengu pamutu. Kumdima maso sathandiza, ndipo pa matope mapazi sauza ubongo zoona, kotero munthu wa khutu limodzi amagwa mosavuta.

Patatha mwezi, mayeso a kamvedwe anaonetsa kuti mawu a bezi sanasinthe, koma pa 4000 Hz ndi 8000 Hz panatsika ndi 15 dB. Iwo sanazindikire kusiyanako. Kabowo ka pa mwinikhutu kanachedwa kutsekeka, zimene zimachitika pa khutu lobayidwa steroid kangapo, koma pa sabata yachisanu ndi chitatu kanali katapola popanda mafinya. Pofika mwezi wachitatu anali atabwerera kumsika tsiku lonse.

Pano papita miyezi 14. Sanagwenso, ndipo m'kope mwawo muli tsiku limodzi lokha la chizungulire chopepuka cha mphindi pafupifupi 30, chosasanzitsa. Miyezi 14 siyokwanira kunena kuti zatha, chifukwa muyezo wa madokotala a makutu a ku America umayerekeza miyezi 18 mpaka 24 pambuyo pa chithandizo ndi miyezi isanu ndi umodzi chisanayambe, komanso matendawa amatha kuzirala okha. Khutu lofooketsedwa pang'ono limathanso kudzuka, ndipo zikatero tidzabaya kachiwiri titayezanso makutu onse. Phokoso la m'khutu lilipobe, ndipo akuti amapepesuka akatembenuka msanga pakati pa chigulu cha anthu. Betahistine tinasiyitsa, hydrochlorothiazide akumwabe. Tawalembera kuti akayezedwe ngati kachipangizo kothandizira kumva kangawathandize kumanzere.

Patsamba loyamba la buku lawo la kuchipatala tinalemba ndi inki yofiira kuti khutu lamanzere linabayidwa gentamicin, ndipo asapatsidwe gentamicin, amikacin kapena streptomycin wa m'mtsempha kapena wa m'mnofu pokhapokha palibe mankhwala ena opulumutsa moyo. Tikuwaona miyezi itatu iliyonse ndi mayeso a kamvedwe a makutu onse awiri, ndipo tinawauza kuti khutu lamanja likangodzaza kapena kuyamba kulira abwere sabata yomweyo, asadikire tsiku lolembedwa m'buku.